Trevor Noah ndi Malire a Nthabwala

Trevor Noah ndi wanthabwala wa ku South Africa amene anatsogolera pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya The Daily Show ku America kuyambira mu 2015 mpaka mu 2022. Ntchito yake yeniyeni, imene anaiyamba asanadziwike kunja ndipo akuigwirabe, ndi yoima yekha pasiteji, maikolofoni ili m'manja, n'kumasimba nkhani zoseketsa khamu la anthu amene alipira pakhomo. Zambiri mwa nkhani zimenezo si zoseketsa pazokha. Ndi za tsankho, umphawi, nkhanza za m'banja, ngakhalenso za tsiku limene mayi ake anawomberedwa ndi mfuti m'mutu. Motero moyo wake umadzutsa funso lakale limene azipembedzo ndi akatswiri a filosofi akhala akulimbana nalo: kodi munthu angaseke pa zinthu zowawa popanda kulakwira amene anamva ululuwo, ndiponso popanda kulakwira Mulungu?

Noah anabadwa pa 20 February 1984 mumzinda wa Johannesburg. Mayi ake, a Patricia Nombuyiselo Noah, ndi a mtundu wa Axhosa, pamene bambo ake, a Robert, ndi mzungu wochokera ku Switzerland. Pa nthawiyo boma la tsankho la apartheid linali ndi lamulo loletsa mzungu kugonana ndi munthu wa khungu lina. Lamulolo linayamba mu 1927, analikulitsa mu 1950 ndi mu 1957, ndipo wopezeka wolakwa ankatha kukakhala kundende zaka zingapo. Gawo limeneli analichotsa mu 1985, mwanayo ali ndi chaka chimodzi, koma lamulo logawa anthu m'madera potengera khungu linakhalapobe mpaka mu 1991. Thupi lenilenilo la mwanayo linali umboni wa mlandu. Bambo ake sankatha kuyenda naye poyera. Mayi ake akafuna kupita naye kokawongola miyendo, ankapempha mayi wina wachikaladi kuti aziyenda naye ngati wake, iwo n'kumatsatira m'mbuyo ngati wantchito. Akapita kwa agogo ake ku Soweto, ankamutsekera mumpanda poopa kuti apolisi angamutenge.

Zonsezi anazilemba m'buku lake lotchedwa Born a Crime, limene linatuluka mu 2016, koma anali atazisimba kale pasiteji kwa zaka zambiri, anthu n'kumafa nalo phwete. Chimene chimaseketsa m'nkhanizi si kuvutika kwa mwanayo ayi, koma uchitsiru wa lamulolo. Boma limene linkatuma apolisi kukasuzumira m'mawindo a anthu usiku, ndipo linkalowetsa pensulo m'tsitsi la munthu pofuna kudziwa mtundu wake, linali loopsa, komanso linali lopusa. Kuopsa kwake anthu ankakuona tsiku ndi tsiku popanda wowauza. Kupusa kwakeko n'kumene kunkafunika munthu wokuloza.

Noah amanena kuti luso limeneli analitengera kwa mayi ake, ndipo apa m'pamene nkhani ya nthabwala ikukumana ndi ya chipembedzo. A Patricia ndi munthu wolimbikira kwambiri pa za Mulungu. Lamlungu lililonse ankapita ndi mwana wawo kumatchalitchi atatu: ku Rhema Bible Church kwa m'busa Ray McCauley, kumene azungu ndi anthu akuda ankapemphera limodzi, kutchalitchi cha azungu ku Sandton, kumene ankasanthula malemba mofatsa, ndi kutchalitchi cha anthu akuda, kumene mapemphero ankatha maola ambiri. Mwanayo anakula akulidziwa bwino Baibulo, ndipo ankaligwiritsa ntchito potsutsana ndi mayi akewo. Lamlungu lina galimoto yawo yakale ya Volkswagen itakana kulira, iye anati mwina Yesu akufuna kuti tsikulo apume pakhomo. Mayi ake anati ameneyo ndi Satana, ndipo anauyamba ulendo pa minibasi. Usiku pobwerera, woyendetsa minibasi ina anayamba kuwatukwana ndi kuwaopseza, n'kukana kuima. A Patricia anakankhira Trevor kunja galimoto ikuyenda, iwo n'kudumpha atakumbatira khanda lawo. Trevor anali ndi zaka 9. Atapulumuka, mkangano wa Yesu ndi Satana uja unayambiranso pomwepo m'mbali mwa msewu, ndipo unathera m'kuseka, onse ali ndi mabala. M'banja limenelo pemphero ndi nthabwala sizinkadana. Zonse zinkachokera m'maganizo amodzi a mayiyo, oti tsoka limene lamugwera munthu lisaloledwe kukhala mwini wa moyo wake.

Atamaliza sukulu, Noah ankagulitsa ma CD okopera ndi kuimbitsa nyimbo m'maphwando ku Alexandra. Mu 2002, ali ndi zaka 18, anasewerako pang'ono m'sewero la pa TV la Isidingo, kenako anakhala ndi pulogalamu yakeyake ya Noah's Ark pa wailesi ya achinyamata ya YFM, n'kutsogoleranso mapulogalamu angapo a SABC. Ankalankhula zinenero zambiri za m'dzikolo, monga Chixhosa, Chizulu, Chitsonga ndi Chiafrikaans, ndipo ankatha kutsanzira kalankhulidwe ka gulu lililonse moti eniake ankadziona n'kuseka. Mu 2009 anachita chionetsero chake choyamba chachikulu chaiye yekha, chotchedwa The Daywalker.

Chaka chomwecho ndi chimene mayi ake anawomberedwa. A Patricia anali atasiyana ndi mwamuna amene anawakwatira Trevor ali mwana, chifukwa ankaledzera ndi kuwamenya. Anali atakadandaulako kupolisi kangapo, koma apolisi ankawabweza kuti nkhaniyo ndi ya m'banja. Tsiku lina akuchokera kutchalitchi, mwamunayo anawapeza pakhomo ali ndi mfuti. Anawawombera chakumbuyo kwa thupi, n'kuwalozetsa mfuti kumutu, koma mfutiyo inakana kulira maulendo angapo. Atathawira m'galimoto, anawawomberanso, chipolopolo n'kulowera kunkhongo. Chinaphonya ubongo ndi mtsempha wa msana, n'kutulukira pamphuno. Analibe inshuwalansi ya chipatala, ndipo Trevor ndi amene analipira. Patangopita masiku ochepa anatuluka m'chipatala. Iwo amati anawapulumutsa ndi Yesu, ndipo mwana wawo, amene moyo wake wonse ankawatsutsa pa nkhani zotere, amavomereza kuti alibe yankho lina. Noah amasimba kuti mayi ake atatsitsimuka n'kumuona akulira pambali pa bedi, anamuuza kuti asalire, popeza tsopano iye ndi amene watsala wooneka bwino kuposa onse m'banjamo. Onse awiri anaseka, misozi ili m'masaya.

Kuseka kotereku kwavuta kufotokoza kuyambira kale. Plato ankaona kuti m'kuseka mumakhala kanjiru, chifukwa munthu amakondwera ndi kupusa kwa mnzake, ndipo sankafuna kuti oteteza mzinda azikonda kuseka. Thomas Hobbes, m'buku lake la Leviathan la mu 1651, anati munthu amaseka akadziona mwadzidzidzi kuti ali pamwamba pa wina. Immanuel Kant ndi Arthur Schopenhauer anaona mbali ina: munthu amaseka pamene zimene amayembekezera zasemphana ndi zimene zachitika. Sigmund Freud, mu 1905, anati nthabwala imatsegulira njira zinthu zimene munthu wazitsekera mumtima chifukwa choopa kapena manyazi. Maganizo a Hobbes sakugwira pa zimene zinachitika m'chipatala muja, chifukwa panalibe amene anali pamwamba pa mnzake. Amene anayambitsa nthabwalayo ndi mwini bala. A Kant ndi a Freud akugwirako: mawu a mayiyo anasemphana ndi malo amene anali, ndipo anamasula mantha a mwana wawo. Komabe akatswiriwa akufotokoza mmene kuseka kumabwerera, osati ngati kuli koyenera. Funso la kuyenera kwake analisamala kwambiri ndi azipembedzo.

Baibulo limalankhula za kuseka m'njira ziwiri. Salimo loyamba limayamikira munthu amene sakhala pagulu la onyoza. Buku la Miyambo, pa chaputala 17, limati wonyoza munthu wosauka akunyoza amene anamulenga. Kalata yopita kwa Aefeso imachenjeza za nthabwala zotukwana. Ndipo kuseka koipitsitsa m'Chipangano Chatsopano ndi kwa asilikali amene anaveka Yesu chisoti chaminga n'kumamugwadira mwachipongwe. Koma m'Baibulo lomwelo Sara anaseka atamva kuti adzabereka ali nkhalamba, ndipo mwanayo atabadwa kuseka kwake kunasanduka kwa chimwemwe. Eliya ananyodola aneneri a Baala pa phiri la Karimeli. Mlaliki amaika nthawi yoseka pambali pa nthawi yolira, ndipo chaputala 17 cha Miyambo chomwe chija chimayerekeza mtima wosangalala ndi mankhwala.

Mpingo nawo sunagwirizane chimodzi. John Chrysostom, amene anamwalira mu 407, ankalalikira kuti Mauthenga Abwino amaonetsa Yesu akulira koma saonetsa akuseka. Malamulo a Benedict a m'zaka za m'ma 500 ankaletsa amonke mawu oseketsa. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anatsatira Aristotle ponena kuti mtima umatopa monga thupi ndipo umafuna kupuma, motero munthu wosaseka konse, amene amalemetsa anzake ndi nkhope yake, nayenso ali ndi vuto. M'madera ena a ku Germany munali mwambo woti pa Pasaka wansembe azisimba nkhani zoseketsa mpingo, poti imfa yagonja. M'Chisilamu, sura 49 ya Qur'an imaletsa gulu lina kunyoza linzake, popeza onyozedwawo akhoza kukhala abwino kuposa onyozawo, pamene mahadisi amasimba kuti Mtumiki Muhammad ankachita nthabwala koma sankanena bodza pofuna kuseketsa.

Zimenezi zikaikidwa pamodzi, chinthu chimodzi chimaonekera. Malemba safunsa ngati nkhani ili yolemera kwambiri moti n'kosatheka kuiseka. Imfa yeniyeniyo inkasekedwa pa Pasaka. Chimene amafunsa n'chakuti akusekedwayo ndani, wosekayo waima pati, ndipo zimene akunena n'zoona kapena ayi. Eliya anali yekha pamaso pa aneneri 450 a Baala amene anali ndi mfumu kumbuyo kwawo. Asilikali aja anali gulu lonyamula zida, atazungulira munthu womangidwa. Onse ananyodola, koma sanachite chinthu chimodzi.

Anthu a ku Malawi ndi ku Zambia amaidziwa nkhaniyi kuchokera pamaliro. Adzukulu amachita nthabwala kumanda, nthawi zina zokhudza womwalirayo, ndipo palibe amene amawadzudzula. Ku Zambia, chimbuya cha pakati pa Angoni ndi Abemba chimalola mtundu wina kuseka ndi kuvutitsa anamfedwa a mtundu winawo, mpaka kuwapaka ufa. Koma anthu omwewo ndi amene amakumba manda, kunyamula bokosi, kuphika ndi kusonkhetsa ndalama za chipepeso. Chilolezo chawo choseka chimachokera ku ntchito imene agwira pa malirowo. Mlendo wongodutsa atanena mawu omwewo, ungakhale mlandu wofika kwa amfumu. Muyeso umenewu ndi wokhwima kuposa wa akatswiri ambiri a filosofi, chifukwa sufunsa za mawu okha, umafunsanso chimene wolankhulayo wasenzako pa chisonicho. A Patricia anali ndi chilolezo chonse choseka bala lawo. Mwana wawo, amene anathamangira kuchipatala akuganiza kuti amwalira, anali nachonso. Vuto la wanthabwala wotchuka limayamba pamene wachoka pakhomo pake n'kuyamba kusimba za maliro a eni.

Mu January 2012 Noah anakhala wanthabwala woyamba wa ku South Africa kuonekera pa The Tonight Show ku America, ndipo mu 2013 anaonekera pa pulogalamu ya David Letterman. Mu December 2014 anayamba kuonekera pa The Daily Show, ndipo mu March 2015 kampani ya Comedy Central inalengeza kuti ndiye adzalowe m'malo mwa Jon Stewart, amene anatsogolera pulogalamuyo kuyambira mu 1999. Tsiku lisanathe n'komwe, anthu anafukula zimene analemba pa Twitter zaka za m'mbuyo, zoseka Ayuda ndi akazi onenepa. Kampaniyo inamuikira kumbuyo, ndipo anayamba ntchito pa 28 September 2015.

Nthabwala zina zimene zinamutsatira n'zolemera kuposa pamenepa. Pa 16 August 2012 apolisi anapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin ku Marikana, amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Noah anachitapo nthabwala imene inamveka ngati ikuikira kumbuyo apolisiwo, ndipo itafukulidwa patapita zaka inakwiyitsa anthu ambiri kwawo. Mu 2018, akukonzekera ulendo wa ku Australia, anthu anafukulanso nthabwala yake ya mu 2013 yonyoza maonekedwe a akazi a mtundu wa Aborijini. Iye anayankha kuti ataphunzira mbiri ya anthuwo analonjeza kuti sadzachitanso nthabwala yotero. Mu 2019, India ndi Pakistan zitatsala pang'ono kumenyana, ananena pa TV kuti nkhondo yawo ingakhale yosangalatsa ngati magule a m'mafilimu a Bollywood. Atadzudzulidwa anapepesa, koma anawonjezera kuti iye amagwiritsa ntchito nthabwala polimbana ndi ululu, ndipo anachita nthabwala ngakhale mayi ake atawomberedwa.

Yankho limeneli ndi loona, koma silikuyankha mlanduwo. Kuti munthu anaseka pa bala la m'nyumba mwake sizimupatsa chilolezo choseka pa bala lililonse la padziko. Amasiye a ku Marikana sanali nawo m'holo imene anthu ankasekeramo, ndipo akanakhalamo, nthabwalayo sikanawapepuza. Inkapepuza anthu amene anali ndi ndalama ya tikiti, powauza kuti zimene zinachitikazo si zoti n'kusowa nazo tulo. Akazi a Chiaborijini ndi anthu amene kwa zaka zambiri boma la Australia linkawalanda ana, ndipo kuwaseka maonekedwe kunali kuwonjezera mawu pa chipongwe chimene anachimva kale kwa ena. M'nthabwala zimenezi Noah anaima pamene anaima asilikali aja, osati pamene anaima Eliya. N'zomvetsa chisoni makamaka chifukwa iye, mwa anthu onse, ankadziwa mmene zimakhalira munthu akamaweruzidwa ndi khungu lake. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa Noah chinali chitamuonekera kale dzulo.

Palinso vuto lina limene adzukulu alibe. Iwo amadziwa aliyense amene akumva mawu awo. Wanthabwala wa pa TV ndi pa intaneti sadziwa. M'chionetsero chake cha It's My Culture cha mu 2013, Noah anasimba za ulendo wake wa ku Zambia, n'kumaseka mmene anthu ankasangalalira ndi masitepe oyenda okha a m'sitolo zazikulu. Pakati pa anthu a mayiko oyandikana, amene amagemulana tsiku ndi tsiku, nkhani yotere imatha kumveka ngati ya pachisuweni. Ikafika pa YouTube kwa munthu amene amakhulupirira kale kuti Africa ndi yotsalira, imasanduka umboni wa zimene ankaganizazo, ngakhale kuti palibe liwu limene lasintha. Udindo wa munthu wolankhula kwa mamiliyoni ndi waukulu kuposa wa wolankhula pabwalo la kwawo, ndipo kunena kuti zinali zocheza chabe sikumuchotsera udindowo.

Mphamvu ya Noah inkaonekera bwino akamaseka olamulira. Mu October 2015, Donald Trump akufuna kuimira chipani chake pa chisankho, Noah anaika mawu ake odzitama pambali pa a Idi Amin, a Robert Mugabe ndi a Muammar Gaddafi, n'kunena kuti America yapeza munthu woyenera kukhala pulezidenti wa ku Africa. Nthabwalayo inkabaya mbali ziwiri: inkaseka atsogoleri odzikuza, komanso inkachotsa maganizo a Aamerika oti khalidwe lotere limapezeka kwa anthu ena okha. Mu April 2022 anaseka Pulezidenti Joe Biden ali pomwepo, paphwando la atolankhani a ku White House, ndipo anamaliza pokumbutsa atolankhaniwo kuti m'mayiko ambiri munthu sangachite zimenezo n'kukagona kwawo. Mu 2023 analandira mphoto ya Erasmus ku Netherlands, ndipo anali woseketsa anthu woyamba kuilandira chilandirire Charlie Chaplin mu 1965. Desiderius Erasmus, amene mphotoyo imatchedwa ndi dzina lake, anali wansembe. Mu 1511 anatulutsa buku limene Uchitsiru umalankhula ngati munthu n'kumadzitamanda, ndipo kudzera m'menemo anaseka mafumu, amonke, akatswiri a zaumulungu ndi apapa. Sanachite zimenezo chifukwa chodana ndi chikhulupiriro, koma chifukwa ankaona kuti ochisunga achisandutsa malonda. Kuseka wamphamvu amene wadziika pamalo a Mulungu ndi ntchito imene aneneri anaiyamba kale.

Ngakhale nthabwala yoyenera ili ndi pamene imalekezera. Viktor Frankl, dokotala wa ku Vienna amene anapulumuka m'misasa ya chibalo ya Anazi, anasimba kuti iye ndi mnzake anagwirizana zopeka nkhani imodzi yoseketsa tsiku lililonse, ndipo zinkawathandiza kukweza mutu kwa kamphindi. Koma nthabwalazo sizinatsegule zipata za msasa. Apartheid sinathe chifukwa choti anthu anaiseka. Inatha chifukwa cha anthu amene anamangidwa, kunyanyala ntchito, kuthawira kunja ndi kuphedwa. Pulogalamu ngati The Daily Show ili ndi ngozi yakeyake pamenepa. Munthu amene usiku uliwonse amaseka zolakwa za boma amatha kumva ngati wachitapo kanthu, pamene wangopepukidwa mtima n'kukagona. Mkwiyo umene ukanamutuma kukavota kapena kukathandiza wina umathera m'chikhakhali.

Katswiri wa zaumulungu wa ku America, Reinhold Niebuhr, analemba m'zaka za m'ma 1940 kuti kuseka ndi chikhulupiriro zimayang'ana chinthu chimodzi, ndicho kusemphana kwa moyo ndi zimene munthu amayembekezera. Anati kuseka kumakwanitsa zosemphana zing'onozing'ono ndipo kumamuphunzitsa munthu kudzichepetsa, koma pa zazikulu zenizeni, monga imfa ndi uchimo, kukakhala kokha kumasanduka kowawa, ndipo pamenepo pamafunika chikhulupiriro. Nkhani ya m'chipatala ija ikugwirizana ndi maganizo amenewa kuposa mmene Noah mwiniyo angavomerezere. A Patricia sanaseke pofuna kuiwala kuti anatsala pang'ono kufa. Anaseka chifukwa funso la imfa anali atalipereka kale kwa Mulungu wawo, ndipo chimene chinatsala m'manja mwawo chinali kutonthoza mwana. Munthu wosakhulupirira akhoza kufotokoza mwina, kuti chinawalimbitsa ndi chikondi kapena kuuma mtima kwa munthu amene wapirira zambiri. Mulimonsemo, kusekako kunatsamira pa chinthu china chozama kuposa iko. Bishopu Desmond Tutu, amene ankadziwika ndi kuseka kwake, ndi yemwenso anaweramitsa mutu patebulo n'kulira mu 1996, akumva umboni wa ozunzidwa pamaso pa bungwe lofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu limene ankalitsogolera. Anthu ankakukhulupirira kuseka kwake chifukwa anali ataona misozi yake.

Noah naye anaonetsa kuti amadziwa pamene nthabwala iyenera kukhala chete. Mu May 2020, wapolisi atapha George Floyd ku Minneapolis, iye anajambula kanema ali kunyumba kwake, nthawi ya mliri wa COVID-19, n'kulankhula kwa mphindi zoposa 15 popanda kuseketsa. Anati anthu amamvera malamulo chifukwa cha pangano loti malamulowo aziwateteza onse, ndipo anafunsa kuti pangano limenelo lingagwire bwanji ngati olisunga ndi amene akuliphwanya. Chimodzimodzinso m'buku lake, akafika pa chiweruzo cha munthu amene anawombera mayi ake, nthabwala zimatha. Munthuyo anavomera mlandu wofuna kupha, koma khoti linangomulamula kukhala zaka 3 akuyang'aniridwa ndi boma ali kunja, osalowa m'ndende. Mayi amene anakadandaula kupolisi kangapo osathandizidwa anapulumuka imfa, anaseka, ndipo anakhululuka monga mwa chikhulupiriro chawo, koma chilungamo sanachione. Kuseka kwawo sikuchepetsa mlandu wa apolisi amene anawabweza, ndipo womvera amene angatuluke m'holo akuganiza kuti nkhaniyo inatha bwino ndiye kuti sanaimvetse.

Pa 29 September 2022 Noah analengeza kuti akusiya The Daily Show, ndipo pulogalamu yake yomaliza inaulutsidwa pa 8 December chaka chomwecho.  Potsanzika anathokoza akazi akuda, kuyambira mayi ake, agogo ake ndi azakhali ake, ponena kuti ndi amene anamulera ndi kumuphunzitsa. Anabwerera kuntchito yake yoyamba yoyenda m'mayiko n'kumaseketsa anthu pasiteji, anapitiriza kutsogolera mwambo wa mphoto za oimba za Grammy umene anayamba kuutsogolera mu 2021, ndipo mu 2023 anayambitsa pulogalamu yocheza ndi anthu yotchedwa What Now? Bungwe la Trevor Noah Foundation, limene analikhazikitsa mu 2018, limathandiza maphunziro a ana ndi achinyamata a m'madera osauka a ku South Africa.